Mlandu woyendetsa galimoto utamwa: ndi liti pamene uyenera kuuulula pofunsira ntchito ku England ndi Wales?

Munthu akapezeka wolakwa kukhoti pa mlandu woyendetsa galimoto atamwa mowa wopitirira muyeso, n'kuyamba kusaka ntchito ku Britain, alangizi sasowa. Wina amuuza kuti laisensi ikangobwera nkhani yatha, asadzaitchulenso. Wina akuti ayi, mlandu umenewu umakukakamira zaka 11 ndipo fomu iliyonse uyenera kuulembapo. Wachitatu amangoseka, amvekere imeneyo ndi nkhani ya pamsewu chabe, si mlandu ngati wa kuba. Onse atatu akusocheretsa, ngakhale aliyense wagwirako kachidutswa ka zoona.

Chimene chimasokoneza n'choti mlandu umodzi womwewo umalembedwa m'makaundula awiri, wa apolisi ndi wa DVLA, bungwe loona za malaisensi, ndipo kaundula aliyense ali ndi kawerengedwe kake ka zaka. Choncho funso loti "ndiulule kapena ndikhale chete" lilibe yankho limodzi. Yankho limatuluka mukadziwa tsiku limene khoti linagamula, mtundu wa ntchito imene mukufunsira, ndiponso mawu enieni a funso limene mwafunsidwa.

Zimene zili m'munsimu ndi malamulo a ku England ndi Wales. Scotland ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo, ofananako koma osiyana m'zina, ndi mabungwe awo ofufuza mbiri ya milandu, Disclosure Scotland ndi AccessNI.

Ndi mlandu wamtundu wanji?

Muyeso wa mowa ku England ndi Wales ndi mamaikulogalamu 35 pa mamililita 100 a mpweya wopuma, kapena mamiligalamu 80 pa mamililita 100 a magazi. Muyeso wa 80 unakhazikitsidwa mu 1967, nduna ya zamtengatenga ili Barbara Castle, chaka chomwe apolisi anayamba kuimitsa madalaivala kuti auzire m'kachipangizo koyezera mowa. Scotland inatsitsa wake kufika pa 50 mu Disembala 2014. Masiku ano mlanduwu umazengedwa motsata lamulo la Road Traffic Act la 1988.

Wopezeka wolakwa amaletsedwa kuyendetsa galimoto kwa miyezi yosachepera 12. Angalipitsidwe chindapusa chimene lamulo silinachiikire malire, angapatsidwe ntchito yotumikira anthu, kapena kutsekeredwa m'ndende mpaka miyezi 6. Akabwerezanso pasanathe zaka 10, chiletso chimayambira pa zaka 3. Wokana kuuzira kachipangizo kupolisi kapena kupereka magazi popanda chifukwa chomveka amakumana ndi zilango zomwezo.

Wachitatu uja, amene amati ndi nkhani ya pamsewu, akusokoneza mlanduwu ndi wa liwiro. Ukathamangitsa galimoto pang'ono, nthawi zambiri umangolipira chindapusa choikika kale, akulembera mapointi pa laisensi, osafika kukhoti, ndipo dzina lako silifika m'kaundula wa milandu. Wa mowa umapita kukhoti, ndipo chigamulo chimalowa mu Police National Computer, kompyuta ya apolisi yosunga mbiri ya milandu m'dziko lonse. Mmenemo chimakhala mpaka munthu atakwanitsa zaka 100. Palibe amene amachifufuta. Chimene chimasintha pakapita nthawi ndi anthu ololedwa kuchiona, komanso ufulu wa mwiniwake wokhala chete.

Lamulo la 1974

Ufulu umenewo umachokera ku lamulo la Rehabilitation of Offenders Act la 1974. Maganizo ake ndi osavuta: munthu akalakwa, n'kulangidwa, n'kukhala nthawi yoikika osalakwanso, asamangolipira mlandu womwewo khomo lililonse limene agogoda. Nthawiyo ikakwana, lamulo limati mlandu wakhala spent, kutanthauza kuti watha mphamvu. Kuyambira tsiku limenelo, pa ntchito zambiri munthuyo amatengedwa ngati sanalakwepo. Akafunsidwa za milandu yakale akhoza kuyankha kuti alibe, ndipo pamaso pa lamulo sananame. Wolemba ntchito akaumva mlanduwo kudzera njira zina, saloledwa kuutenga ngati chifukwa chomukanira kapena kumuchotsera ntchito.

Munthu salemba kalata yopempha kapena kubwerera kukhoti. Tsiku likangokwana, mlandu watha mphamvu pawokha.

Zili ngati bala ndi chipsera. Bala likapola, palibe amene ali ndi ufulu wokuvulani malaya kuti aone pamene munavulala. Koma chipseracho chilipo ndithu, ndipo pali zipinda zochepa zoyezera, zimene lamulo linazitchula mayina, mmene mungauzidwe kuti mukweze malayawo.

Masiku atatu amene anthu amawasokoneza

Kutalika kwa nthawi yodikira kumatengera chilango, osati dzina la mlandu. Vuto la mlandu wa mowa n'lakuti khoti limapereka zilango zingapo nthawi imodzi, chilichonse ndi nthawi yake. Chindapusa chimatha mphamvu pakapita chaka chimodzi kuchokera tsiku la chigamulo. Chiletso choyendetsa chimatha mphamvu tsiku limene chatha. Koma palinso chachitatu chimene ambiri sachiwerengera ngati chilango: endorsement, chizindikiro chimene khoti limalamula kuti chilembedwe pa mbiri ya laisensi yanu ku DVLA. Kwa woyendetsa atapitirira muyeso, nambala yake ndi DR10. Chizindikirochi chimatha mphamvu pakapita zaka 5 kwa munthu wamkulu, kapena zaka ziwiri ndi theka kwa amene anali asanakwane zaka 18. Zilango zikakhala zingapo pa mlandu umodzi, lamulo limatsata chotalikitsitsa.

Tiyerekeze munthu wa zaka 30 amene khoti linamupeza wolakwa pa 10 Malichi 2021. Analipitsidwa chindapusa n'kuletsedwa kuyendetsa miyezi 16. Khoti linamulola kuchita maphunziro a madalaivala opezeka ndi mlandu wa mowa, amene amachepetsa chiletso mpaka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo atawamaliza miyezi 4 inachotsedwa. Mu Malichi 2022 wayambanso kuyendetsa. Chindapusa analipira kalekale, laisensi ili m'thumba, mumtima mwake nkhani yatha. Mwezi wotsatira akudzaza fomu ya ntchito ya m'nyumba yosungira katundu, ntchito yosakhudzana n'komwe ndi chiwongolero, n'kupeza funso lakuti "Kodi muli ndi mlandu umene sunathe mphamvu?" Akachonga kuti ayi, wanama, mwina mosadziwa. Mlandu wake ukhala ndi mphamvu mpaka Malichi 2026 chifukwa cha DR10 ija.

Nanga zaka 11 zimachokera kuti? Zimachokera mbali ziwiri, ndipo n'chifukwa chake nambalayi imamveka kwambiri. Mbali yoyamba ndi DVLA, imene imasunga DR10 pa mbiri ya laisensi kwa zaka 11 kuchokera tsiku la chigamulo, makamaka kuti khoti lidzadziwe ngati munthuyo wabwereza. Koma anthu ena, monga olemba ntchito ndi makampani a inshuwalansi, amatha kuchiona chizindikirocho m'zaka 5 zoyamba zokha. Mbali yachiwiri ndi ya ntchito zapadera zimene lamulo la 1974 silizikhudza mokwanira, zimene tizifotokoza posachedwa. Pa ntchito zimenezo mlandu umaonekabe ngakhale utatha mphamvu, mpaka zaka 11 zitakwana.

Ndiye kuti munthu wathu uja adutsa m'nyengo zitatu. Kuyambira 2021 mpaka Malichi 2026, ntchito iliyonse ikamufunsa za milandu, ayenera kuulula. Kuyambira pamenepo mpaka Malichi 2032, aziulula pa ntchito zapadera zokha. Ikadutsa 2032, ngakhale zambiri mwa zapaderazo siziyenera kumufunsanso.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza masamu amenewa. Chiletso chikakhala chotalika kuposa zaka 5, mlandu sutha mphamvu mpaka chiletsocho chitatha. Ndipo wopatsidwa chilango cha ndende, ngakhale chongoimitsidwa osakalowadi m'ndendemo, mlandu wake suchoka pa satifiketi ya ntchito zapadera, kaya padutse zaka zingati.

Wolemba ntchito amaona chiyani?

Mbiri ya milandu imafufuzidwa kudzera ku Disclosure and Barring Service, mwachidule DBS, bungwe limene linakhazikitsidwa mu Disembala 2012 ataphatikiza mabungwe awiri akale. Limatulutsa masatifiketi a milingo itatu.

Wotsikitsitsa ndi basic. Aliyense wolemba ntchito angaupemphe, pa ntchito ina iliyonse, bola mwiniwake wavomera, ndipo munthu angathenso kudzipemphera yekha. Umaonetsa milandu imene sinathe mphamvu basi. Munthu wathu uja akaupempha mu Epulo 2026, utuluka woyera.

Wachiwiri ndi standard, wachitatu enhanced. Iwiriyi imaonetsa milandu yonse, yotha mphamvu ndi yosatha yomwe, ndipo wa enhanced ungawonjezereponso zimene apolisi a m'dera akuona kuti n'zofunika, komanso ngati munthuyo ali pa mndandanda wa oletsedwa kugwira ntchito ndi ana kapena akuluakulu osatha kudziteteza. Milingo iwiriyi si ya aliyense. Ndi ya ntchito zolembedwa m'lamulo lapadera la 1975 ndi zowonjezera zake: aphunzitsi, anamwino, madokotala, osamalira okalamba ndi odwala, maloya, alonda ofuna chiphaso cha boma, oyendetsa takisi, ndi zina. Kampani yopempha dala mlingo wapamwamba pa ntchito yosauyenera ikuphwanya lamulo.

Mu 2013 boma linayambitsa kusefa, kuti milandu yakale ndi yaing'ono isamatuluke ngakhale pa masatifiketi apamwambawa. Mlandu wa munthu wamkulu umasefedwa pakapita zaka 11, bola sunabweretse chilango cha ndende ndipo suli pa mndandanda wa milandu yoopsa imene sisefedwa. Kuyendetsa utapitirira muyeso wa mowa, popanda kupha kapena kuvulaza munthu, sikuli pa mndandandawo. Poyamba amene anali ndi milandu iwiri kapena kuposa sankasefedwa n'komwe. Khoti lalikulu la Supreme Court linagamula mu Januwale 2019 kuti lamulo limenelo linali lopyola muyeso, ndipo linasinthidwa mu Novembala 2020, moti tsopano mlandu uliwonse umayezedwa pawokha. Pali ntchito zochepa, monga upolisi ndi zokhudza chitetezo cha dziko, kumene kusefa sikugwira ntchito ndipo zonse zimafunsidwa.

Khomo lina ndi la DVLA. Ntchito ikakhala yoyendetsa, bwana amapempha kachinambala kamene munthu amakatenga pa intaneti, kogwira ntchito masiku 21, kuti aone mbiri ya laisensi. Chimene bwana saloledwa ndi kukakamiza munthu kuti akadzitengere yekha mbiri yake yonse kupolisi n'kudzaipereka ku ofesi, ngati njira yozembera malire a DBS. Lamulo la Data Protection Act la 2018 limautenga mchitidwe umenewu ngati mlandu.

Khomo limene lamulo limavutika kulitseka ndi intaneti. Manyuzipepala a m'madera amalemba zigamulo za makhoti a majisitireti, dzina, zaka ndi msewu wa munthu, ndipo nkhanizo zimatsala pa Google. Mlandu ukatha mphamvu munthu angapemphe kuti nkhaniyo isamatuluke dzina lake likasakidwa, koma pempho lililonse limaunikidwa palokha.

Werengani funso monga lalembedwera

Mfundo imene imadabwitsa ambiri ndi iyi: pa ntchito wamba palibe lamulo lokakamiza munthu kuulula mlandu asanafunsidwe, ngakhale mlanduwo udakali ndi mphamvu. Pa CV suyenera kukhalapo. M'kalata yofunsira ntchito simufunika. Udindo umayamba funso likabwera, kaya pa fomu, pa intavyu, kapena m'mapepala osaina ntchito itapezeka kale.

Mafunsowo sabwera mofanana. Fomu yolembedwa bwino ya ntchito wamba imafunsa za milandu imene sinathe mphamvu. Ina, yokopera mawu akale, imangoti "Kodi munayamba mwapezekapo olakwa kukhoti?" Funso lachiwirili limaopseza, koma ngati ntchitoyo si yapadera, lamulo la 1974 limati limveke ngati likufunsa za milandu yosatha mphamvu yokha. Fomu ya ntchito yapadera imanena poyera kuti ntchitoyo ili kunja kwa lamulo la 1974, ndipo iyenera kufunsa za milandu yonse kupatula yosefedwa.

Palinso mafomu amene amati "musawerengere milandu yaing'ono ya pamsewu". Apa ndi pamene anthu amadzinyenga okha mwaulemu. Mawu amenewo nthawi zambiri amanena za mapointi a liwiro ndi zindapusa za poimika galimoto. Mlandu umene unakufikitsa pamaso pa majisitireti n'kukulanditsa laisensi chaka chathunthu n'kovuta kuutcha waung'ono, ndipo tsiku limene satifiketi ya DBS idzafika pa desiki ya bwana, mkangano wa tanthauzo la "yaing'ono" sudzakomera wantchito. Ngati mawu a fomu ndi osamveka, kufunsa ofesi yolemba anthu ntchito kuti ipempha mlingo uti wa DBS sikuulula chilichonse, ndi funso limene aliyense angafunse.

Wantchito amene mlandu wamupeza ali kale pa ntchito ayang'ane kontirakiti yake ndi buku la malamulo a kampani. Ambiri ali ndi chiganizo cholamula kudziwitsa bwana za mlandu uliwonse. Ngati mulibe, ndipo ntchito si yoyendetsa kapena yapadera, kawirikawiri palibe chokakamiza. Malangizo a Acas, bungwe loyanjanitsa mabwana ndi antchito, amati kupezeka wolakwa kukhoti pakokha si chifukwa chokwanira cholangira wantchito. Chofunika kuona ndi mmene mlanduwo ukukhudzira ntchito yake ndi ubale wake ndi anzake komanso makasitomala.

Kumene mlanduwu umalemera

Kwa wolemba maakaunti kapena wokonza makompyuta, mlandu umodzi wa mowa wa zaka zitatu zapitazo ungangoonedwa n'kudutsidwa. Pa chiwongolero nkhani ndi ina. Kampani yokhala ndi magalimoto imamangika ndi zofuna za inshuwalansi yake, ndipo inshuwalansi ingakweze mtengo kapena kukana dalaivala wa DR10 imene ikadali ndi mphamvu. Zikatero, bwana ngakhale akhale ndi mtima wabwino chotani, manja ake ndi omangika.

Oyendetsa takisi ndiye ali pa mpanipani woposa. Chiphaso chawo chimaperekedwa ndi khonsolo, chimafuna DBS ya enhanced, ndipo malangizo amene unduna wa zamtengatenga unatulutsa mu 2020 amati wopezeka ndi mlandu wa mowa asapatsidwe chiphaso mpaka patadutsa zaka zosachepera 7 chitathera chilango kapena chiletso. Oyendetsa malole ndi mabasi, chiletso chikatha, angaitanidwe kwa Traffic Commissioner, mkulu woona za khalidwe la madalaivala a magalimoto akuluakulu, amene angawachedwetse kubwerera pa magalimotowo. Ndipo amene anapezeka ndi mowa wochuluka kwambiri, kuyambira mamaikulogalamu 87.5 mu mpweya, kapena anakana kuyezedwa, kapena anabwereza m'zaka 10, sabwezeredwa laisensi mpaka atapimidwa ndi dokotala wa DVLA.

Anamwino, azamba ndi madokotala ali ndi abwana awiri: chipatala ndi bungwe lowalembetsa. Nursing and Midwifery Council ndi General Medical Council onse amalamula mamembala awo kunena msanga akangoimbidwa mlandu, osadikira kufunsidwa. Mabungwewa amafuna kudziwa makamaka ngati kuseri kwa mlanduwo kuli vuto la uchidakwa limene lingaike odwala pa chiswe, ndipo angalamule kuti munthuyo apimidwe. Ambiri amapitiriza ntchito. Chimene mabungwewa sachitenga mopepuka ndi kubisa, chifukwa pamenepo nkhani yachoka pa mowa yafika pa kukhulupirika.

Kwa osamalira okalamba ndi ogwira ntchito m'sukulu, mlanduwu udzaoneka pa satifiketi, koma pawokha suika munthu pa mndandanda wa oletsedwa. Bwana ndiye amayeza.

Kubisa, ndi kuulula mopitirira

Wonama atafunsidwa mwachindunji akhoza kulandidwa ntchito imene anamulonjeza, kapena kuchotsedwa zikadzadziwika, ngakhale patapita zaka akugwira bwino. Chifukwa cholembedwa m'kalata yomuchotsa sichikhala mowa, chimakhala chinyengo, ndipo chimenecho chimavuta kuchifotokoza kwa bwana wotsatira kuposa mlandu woyamba uja. Lamulo la Fraud Act la 2006 limalolanso kuzenga mlandu munthu wonena zabodza pofuna kupeza phindu, ndipo malipiro a ntchito ndi phindu.

Mbali inayo sikambidwa kawirikawiri. Pali anthu amene chikumbumtima chimawatuma kuulula mlandu wotha mphamvu kale pa ntchito imene inalibe ufulu woufunsa. Lamulo limaletsa bwana kuugwiritsa ntchito, n'zoona, koma mawu akalowa m'khutu satuluka, ndipo wokanidwa ntchito amangouzidwa kuti panapezeka wina woyenera kwambiri. Kutsimikiza kuti chifukwa chenicheni chinali mlandu uja n'kovuta zedi. Kukhala chete pamene lamulo lakupatsani ufulu wotero si chinyengo, ndi chimene aphungu ankafuna polemba lamulolo. Ena amasankhabe kunena kuti mtima ukhale m'malo, makamaka ngati nkhani yawo ili pa intaneti. Chisankho n'chawo, bola achipange akudziwa kuti sakukakamizidwa.

Kanenedwe kake

Pamene kuulula kuli kofunika, mabungwe othandiza anthu okhala ndi mbiri ya milandu, monga Unlock ndi Nacro, amalimbikitsa kukonzeratu kalata yaifupi yapayokha, yopita kwa munthu woyenera mu ofesi yolemba ntchito, m'malo mongothinikiza nkhani m'kabokosi ka fomu. Mfundo zake zingayende chonchi: "Mu Malichi 2021 khoti linandipeza wolakwa pa mlandu woyendetsa galimoto nditapitirira muyeso wa mowa. Ndinalipira chindapusa ndipo ndinaletsedwa kuyendetsa miyezi 16. Ndinamaliza maphunziro amene khoti linapereka, laisensi ndinabwezeredwa mu Malichi 2022, ndipo chiyambire pamenepo sindinapezekenso ndi mlandu uliwonse. Ndinalakwa, ndipo ndikudziwa kuti ndinaika miyoyo ya anthu pa chiswe."

Kalata yotere ili ndi masiku amene adzagwirizana ndi satifiketi, ndipo ilibe madandaulo. Mawu ngati "ndinangomwa awiri okha", "kwathu kunali pafupi" kapena "wapolisiyo anandida" amamveka bwino pakati pa abwenzi, koma kwa wowerenga fomu amaonetsa munthu amene sanavomerebe. Ngati panali chimene chinkachitika pa moyo nthawi imeneyo, monga maliro kapena kutha kwa banja, chingatchulidwe m'chiganizo chimodzi, pamodzi ndi zimene zasintha. Kusunga kope la kalatayo n'kofunika, chifukwa mabwana amasintha ndipo wobwera mawa angafunse ngati munanenapo.

Asanalembe chilichonse, munthu atsimikize tsiku la chigamulo, osati la kugwidwa, pakuti zaka zimawerengedwa kuchokera pa chigamulo ndipo pakati pa masiku awiriwa pangadutse masabata kapena miyezi. Mbiri ya laisensi imaonedwa kwaulere pa intaneti, ndipo satifiketi ya basic yodzipemphera wekha imaonetsa ndendende zimene bwana wa ntchito wamba adzaone.

Mukawoloka malire

Chitetezo cha lamulo la 1974 chimathera m'malire a dziko, ndipo ngakhale m'dziko momwemo sichifika ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka. Kuyambira Okutobala 2012, wopempha viza, chilolezo chokhazikika kapena unzika ku Home Office, unduna woona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ayenera kunena milandu yonse, yotha mphamvu yomwe. Munthu wobwera kuchokera kunja angapezeke kuti bwana wake alibe ufulu wodziwa za mlandu umene boma liyenera kuuzidwa. Wopempha viza ya ntchito zaumoyo, zamaphunziro kapena zosamalira anthu amafunsidwanso kalata ya polisi yochokera m'dziko lililonse limene anakhalamo miyezi 12 kapena kuposa m'zaka 10 zapitazo, moti mlandu wa kwawo umamutsata ngakhale DBS isauone.

Mayiko ena ali ndi njira zawo. Ku South Africa mlandu sutha wokha. Munthu amapempha ku unduna wa zachilungamo kuti ufufutidwe pakapita zaka 10, ngati chilango chinali m'gulu la zololedwa. Canada inakhwimitsa malamulo mu Disembala 2018, kuyendetsa utaledzera kunalowa m'gulu la milandu ikuluikulu, ndipo mlendo wokhala ndi mlandu wotere angakanizidwe kulowa. Wofunsira ntchito yofuna maulendo a kumeneko ayenera kulingalira zimenezi ngakhale fomu ili chete.

Mkangano wa kabokosi

Funso loti mabwana azifunsa liti za milandu likadali pa mkangano. Mu 2013 bungwe la Business in the Community linayambitsa ku Britain kampeni ya Ban the Box, yopempha makampani kuchotsa kabokosi ka milandu pa fomu yoyamba n'kudikira kufunsa munthu atayesedwa kale pa luso lake. Maganizowa anachokera ku America, kumene Hawaii inakhazikitsa lamulo lotere mu 1998. Boma la Britain linawatsatira pa ntchito zake zambiri mu 2016. Oikira kumbuyo amati kabokosiko kamagwetsa munthu asanatsegule pakamwa, ndipo kamafanizira wa mlandu umodzi wa mowa ndi wa chiwembu.

Enanso ali ndi mfundo zawo. Mabwana amati lamulo limawapatsa udindo woteteza antchito ndi anthu ena, ndipo ngozi ikachitika ndi dalaivala wa mbiri yodziwika, funso loyamba lidzakhala loti n'chifukwa chiyani sanafufuze. Mabanja amene anataya abale awo pa ngozi za oledzera sakondwa kumva mlanduwu ukutchedwa kulakwitsa kwa tsiku limodzi. Palinso kafukufuku wa akatswiri awiri, Amanda Agan ndi Sonja Starr, ku New Jersey ndi New York City, wofalitsidwa mu 2018, amene anapeza kuti kabokosi katachotsedwa, kusiyana kwa azungu ndi anthu akuda poitanidwa ku intavyu kunakula, ngati kuti mabwana ena atalephera kufunsa anayamba kungoganizira.

Pa mlandu wa mowa pali mkangano wina wapadera. Boma linafupikitsa nthawi zodikira mu 2014, n'kufupikitsanso mu Okutobala 2023, koma maulendo onse awiri zaka 5 za chizindikiro cha pa laisensi silinazikhudze. Zotsatira zake n'zakuti munthu wolamulidwa kukhala m'ndende miyezi 6 pa mlandu wosakhudza galimoto amaona mlandu wake ukutha mphamvu patangopita chaka chimodzi chilango chitatha, pamene wongolipitsidwa chindapusa pa mlandu wa mowa amadikira zaka 5. Omenyera ufulu wa anthu okhala ndi mbiri ya milandu amati apa sikelo yapendekeka. Makampani a inshuwalansi, amene mafomu awo amafunsa za milandu ya pamsewu ya zaka 5 zapitazo, amati popanda nthawi imeneyo sangathe kuika mtengo woyenera pa dalaivala aliyense.